Pikapu Yosaponda Matope

Aneba athu, bambo opuma pantchito, amadziwa za mapikapu kuposa amene amawagulitsa. Atapita kukagula yawo, anapeza kuti galimoto imodzimodziyo ili m'mitundu itatu: yawamba, yapakati ndi yapamwamba. Anasankha yapamwamba, yokoka ndi mateyala onse anayi, ya mipando yachikopa, yokhala ndi chingwe chodzikokera ikatitimira. "Msewu wakwathu sufuna chibwana," amatero, uku akupukuta bampala ndi mpango. Loweruka lililonse amaitsuka, ngakhale itakhala sabata yonse m'galaja.

Mvula ili pachimake, unabwera uthenga woti mayi awo athyoka mwendo kumudzi. Ananyamuka ndi akazi awo. Atafika pamene phula lathera anaima, n'kuyang'ana matopewo nthawi yaitali.

"Si mumati imakwera ndi phiri lomwe?" anafunsa akazi awo.

"Imakwera. Koma kunsiku adzatsuka ndani?"

Anaimba foni kumudzi kuti odwalawo abwere nawo pangolo. Ngolo itafika, aneba anayamba ayala kaye pulasitiki pampando. Mayi awo anasisita ng'ombe imodzi pamsana.

"Uzithokoze izi, mwanawe. Nazonso n'zachikopa, koma matope siziwaopa."