Tsiku Limene Ndinawakana Amayi ku Como

Dzulo mu shopu ina ku Hillhead ndinanunkhiza sopo wa mandimu, ndipo ndinamubwezera pashelefu msangamsanga.

Fungo limenelo ndinalimva koyamba m'bafa ya hotela yakalekale ya m'mbali mwa nyanja ya Como, ku Italy. Amayi ankasamalira agogo ena achizungu a kuno ku Glasgow, ndipo agogowo popita kutchuthi anatitenga tonse awiri. Ine wa m'kafulati ka ku Maryhill ndinaponda miyala yosalala, yozizira, nyali zagalasi zikulendewera kudenga. Ndinkaganiza kuti mwana wogona m'nyumba yotere sangakhale ndi mayi wokankha njinga ya olumala.

M'mawa wina kamtsikana kovala diresi loyera kanaloza amayi n'kundifunsa kuti ndi ndani.

"Wantchito wathu," ndinayankha m'Chingerezi.

Amayi anali ataima kumbuyo kwanga, bulangete la agogo aja lili pamkono. Anagwada n'kundimanga chingwe cha nsapato.

"Ungagwe pamasitepepa, mwananga," anatero motsitsa mawu.

Nkhaniyi sanaitchulepo mpaka lero, ndipo ine, amene tsopano ndili ndi ana anga, sindinalimbebe mtima kuwafunsa ngati anamva.