Pemphero la Abusa Apansi Pathu

Dzulo mwana wanga anatsegula nyimbo m'galimoto tikuchokera ku Gaithersburg, ine n'kufa nalo phwete. Woyimbayo ndi katswiri wa rapu masiku ano, koma ine ndinamudziwa asanatchuke.

Titangofika ku Wheaton kuchokera ku Lilongwe, ine ndili mwana, bambo anga akugwira ntchito ku embase, woyimbayo ankakhala nyumba ya pansi pathu. Masana onse ankakuwa mawu othamanga, ng'oma zikugwedeza makoma. Ankavala mtanda waukulu m'khosi, thaulo paphewa, thukuta lili kamukamu. Chizungu ndinali ndisanachidziwe, ndiye ndinangoti awa ndi abusa. Ndinkagona chafufumimba pakapeti yonunkha fumbi, khutu pansi, mpaka ndinaloweza pemphero lawo lonse.

Lamlungu lina abwana a bambo ndi akazi awo anabwera kudzadya nafe. Bambo, pofuna kudzitama, anati, "Chikondi, tatipempherera m'Chizungu."

Ndinatsinzina n'kuyamba, mutu ukugwedera. Mzere woyamba unali wotukwana apolisi, wachiwiri wa matako a atsikana. Wachitatu sindinaumalize, mayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi?" anafunsa bambo.

"Abusa apansipa."

Apo akazi a abwana, amene Chizungu cha kuno chinkawadutsa pambali, anati, "Ameni. Mwanayu ali ndi mphatso."

Abwanawo anatsamwa nako kuseka, ntchito ya bambo n'kupulumuka, koma makutu anga anapotokoledwa alendo atapita. Kuyambira tsiku limenelo, kwathu timapemphera m'Chichewa basi, chinenero chimene Mulungu amamva, makolonso amamva.