Chaka Chimene Amayi Anagwa Katatu

Chaka chimene amayi anagwa katatu, ine ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina pafupi ndi kwathu ku Nkolokosa. Iwo ankakhala okha ku Zingwangwa, m'nyumba imene abambo anamanga asanamwalire, ndipo kuchokera kwanga kukafika kwawo unali ulendo wapansi. Tinabadwa atatu. Achimwene, oyamba kubadwa, ankagwira ntchito m'galaja ku Joni. Achemwali ankakhala ku Machinjiri ndi banja lawo. Ine ndine chitsirizira, ndipo popeza ndinali pafupi, zambiri zinkagwera ine.

Zaka za amayi palibe ankazidziwa bwinobwino. Pa chiphaso chawo panalembedwa chaka china, iwo ankanena china, koma tonse tinkagwirizana kuti anali atadutsa makumi asanu ndi awiri. Anali munthu wolimba. Ankachapa okha, ankasesa pabwalo, ndipo Lachinayi lililonse ankapita kumsonkhano wa amayi a kutchalitchi. Chimene ankadandaula ndi mawondo, komanso kuthamanga kwa magazi kumene anawapeza nako kalekale.

Mankhwala awo ankasunga m'chitini cha mabisiketi, pamwamba pa kabati. Chitinicho sichinadzaze tsiku limodzi. Oyamba kulowamo anali a kuchipatala chaching'ono cha boma, a magazi aja, amene ankakatenga mwezi ndi mwezi. Nthawi ina mutu utawavuta, achemwali anaona kuti mzere wa kubomako ndi wautali, ndiye anapita nawo kuchipatala cholipira ku Limbe. Kabuku kawo ka kuchipatala kanaiwalika kunyumba, choncho anawagulira katsopano, ndipo anabwerako ndi mapilitsi ena. Kuyambira pamenepo amayi anali ndi timabuku tiwiri, kalikonse kankapita kwake. Achimwene ankatumiza mabotolo pa basi, ena a mafupa, ena opatsa mphamvu. Mayi wina woyandikana nawo, mnzawo wa kutchalitchi, ankawagawira timapilitsi ta tulo. Inenso ndinali ndi mbali yanga. Akanena kuti mawondo avuta, ndinkadzera pagolosale n'kugula opha ululu, n'kuwaponya m'chitini momwemo.

Amayi ankawadziwa onse, osati ndi mayina ake koma ndi kumene anachokera: a boma, a ku Limbe, a ku Joni. M'mawa ankatsitsa chitinicho, n'kusankhamo ngati munthu wosankha nyemba, n'kumwera tiyi. Sankaphonya tsiku. Mlendo akabwera nthawi zina ankamuonetsa, kuti aone mmene ana awo amawasamalira.

Kugwa koyamba sindinakuone. Anandiuza okha patapita masiku awiri, kuti podzuka pabedi nyumba inazungulira ndipo anangopezeka ali pansi. Ankaseka pofotokoza, inenso sindinaiyese nkhani. Kachiwiri kunali kutchalitchi. Anthu ataimirira kuti aimbe, iwo anaimirira nawo n'kugwera chammbali, pa mayi amene anakhala naye benchi imodzi. Anthu anati ndi njala, ena anati ndi kutentha kwa mkatimo. Kachitatu anagwa pampopi kuseri kwa nyumba, m'nyengo ya mvula, poweramuka atamaliza kutsuka mbale. Anamenyetsa nkhope pa simenti n'kung'ambika pamwamba pa diso. Woyandikana nawo uja ndiye anandiimbira foni ndili m'kalasi.

Tinapita kuchipatala chachikulu. Atawasoka, namwino anatilembera tsiku lokaonana ndi dokotala, n'kundiuza kuti tikabwere ndi mankhwala onse amene amamwa. Ndinafunsa ngati akunena a magazi aja. Anati onse, ngakhale a pagolosale, ngakhale opatsidwa ndi anzawo, ngakhale achikuda ngati alipo.

Tsikulo lisanafike achemwali anabwera ndi azimayi awiri a mapemphero. Iwo ankaona kuti munthu sangagwe katatu popanda dzanja la wina. Amayi anawalandira bwino n'kupemphera nawo. Ine ndinkangoti ndi ukalamba, ndipo ndinali nditayamba kuganiza zowatenga kuti azikakhala kwanga, ngakhale nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri ndipo ndili ndi ana.

Dokotalayo anali mtsikana, wamng'ono kwa ine. Amayi atamuona anandiyang'ana. Iye anawapatsa moni mwaulemu, kuwatchula kuti agogo, kenaka anapempha chitini chija n'kukhuthulira zonse patebulo. Anayamba kuziika m'magulu, uku akuwerenga timabuku tonse tiwiri atatitsegula moyandikana. Zinatenga nthawi. Panja anthu ankadikira pabenchi, ndipo ine ndinkachita manyazi kuti tikuchedwetsa mzere. Atamaliza anawagoneka amayi pabedi n'kuwayeza magazi pamkono, kenaka anawaimiritsa n'kuwayezanso. Ataimirira amayi anagwira khoma.

Anatenga mapaketi awiri, la mapilitsi oyera a boma ndi la ofiira a ku Limbe, n'kuwaika pamodzi. Anati ndi mankhwala amodzi, anangosiyana kopangidwira. Kwa miyezi yambiri amayi ankamwa mlingo wowirikiza, ndipo akaimirira magazi ankatsika kwambiri moti sankafika bwino kumutu. A tulo aja ankaonjezera chizungulire cha m'mawa. Opha ululu amene ndinkagula ine anali a mtundu umodzi ndi ena mwa a ku Joni, ndipo anati amenewo akachuluka amavulaza m'mimba ndi impso za munthu wachikulire.

Sanakalipire aliyense. Anafotokoza kuti anthu amene amafufuza za umoyo wa okalamba akhala akuona zomwezi m'zaka zapitazi. Thupi likakula limachedwa kuchotsa mankhwala, ndiye mlingo umene sungavute munthu wa msinkhu wanga umakhalitsa m'magazi a munthu ngati amayi. Mankhwala akachuluka amasokonezana okhaokha. Kugwa kumene ife timangoti ndi ukalamba nthawi zina kumayambira m'chitini ngati chimenechi. Anati masiku ano amawaphunzitsa kuti wokalamba akabwera asamangoganiza choonjezera, aziganizanso chochotsa.

Anawasiyira a magazi a mtundu umodzi, ndi ena opha ululu ochepa mphamvu oti azimwa mawondo akavuta kwambiri. A tulo anati asawasiye kamodzi, tiwachepetse pang'onopang'ono mpaka atasiya. Analemba zokayezetsa impso. Timabuku tiwiri tija anatilumikiza ndi sitepula kukhala kamodzi. Pomaliza anawaonetsa zoti azichita: kukhala kaye m'mphepete mwa bedi asanaimirire, ndi kukhala n'kuimirira pampando kakhumi osagwira ndi manja, kawiri patsiku, kuti miyendo ilimbe.

Amayi anavomera zonse ndi mutu ndipo anathokoza potuluka. Anadzalankhula tili m'minibasi.

"Kodi iwe, amene uja ndi dokotala kapena adakali pasukulu?"

Ndinati ndi dokotala.

"Ine chibadwire sindinaone munthu akupita kuchipatala ndi mankhwala n'kubwerako chimanjamanja."

Ndinawayankha kuti sanabwere chimanjamanja, a magazi anali nawo. Anayang'ana pawindo mpaka tinatsika.

Otsala onse ndinawaika m'jumbo n'kupita nawo kwanga. Madzulo ake ndinaimbira achemwali kuwauza zimene tamva. Iwo anazimva ngati mlandu. Anati chipatala cholipira sichingalakwitse. Ndinati palibe analakwitsa, wa ku Limbe sanaone kabuku kakale. Anafunsa kuti ndiye ndikutanthauza kuti analakwitsa ndi amene anaiwala kabukuko? Ndinawakumbutsa kuti a pagolosale ndinkagula ndine, koma anali atadula kale foni, ndipo kwa milungu ingapo sankayankha ndikaimba. Achimwene anamva kwa achemwali, osati kwa ine. Anaimba atakwiya. Anati mankhwala a ku Joni ndi amphamvu kuposa a kuno, anati sindingamvere mwana wongotuluka kumene sukulu kusiya anthu odziwa, anati amayi akadwala ndidzayankha ndine. Sindinatsutsane nawo kwambiri. Ndinangowauza kuti amayi ali ndi chilonda pamwamba pa diso.

Milungu yotsatira inali yovuta. Tsiku lililonse ndinkadzera ku Zingwangwa ndisanapite kusukulu. Ndinkawapeza atatupa maso, akunena kuti sanagone, ndipo ankandiyankha mawu amodziamodzi. Nditaona kuti masiku ena akudzuka ali dzandidzandi ngati kale, ndinazindikira kuti woyandikana nawo uja wayambiranso kuwagawira. Ndinapita kukacheza naye. Sanakane. Anati amangowamvera chisoni, munthu wamkulu kuchezera ngati mlonda. Ndinamufotokozera zimene dokotala ananena, iye n'kumvetsera akupukuta manja pachitenje. Anasiya, koma moni wake kwa ine unazizira kwa nthawi ndithu.

Za pampando zija amayi anakana. Anati zimenezo ndikaphunzitse ana a kusukulu kwanga. Ndiye ndinkakoka mpando wina n'kumachita ndekha pamaso pawo, iwo akumwa tiyi. Tsiku lachitatu kapena lachinayi anati ndikuchita molakwika, dokotala sanaonetse choncho, msana uyenera kuwongoka. Anaimirira kuti andionetse. Kuyambira pamenepo tinkachitira limodzi, iwo akuwerenga m'Chilomwe chimene anakula nacho ku Mulanje, chimene ine sindinachiphunzire. Poyamba ankalekera pa kasanu, akupumira m'mwamba. Patapita nthawi ankafika kakhumi, ngakhale komaliza ankakankha ndi dzanja pabondo.

Zotsatira za impso zinatuluka. Anati impsozo zatopa pang'ono koma sizinafike poopsa, tizikayezetsa nthawi ndi nthawi. Tulo tinabwerera, ngakhale sitinali tambiri ngati ta mapilitsi. Chizungulire chinatha mosadziwika tsiku lake. Ndinangozindikira m'mawa wina kuti ndawapeza akusesa pabwalo, ndipo Lachinayi lotsatira anavala yunifolomu yawo n'kupita kumsonkhano. Mawondo okha sanasinthe, mwinanso ankapweteka kuposa kale, ndipo sankalephera kundikumbutsa zimenezo.

Amayi ankati chawachiritsa ndi kutha kwa mvula. Achemwali, titayambiranso kulankhulana, ankati ndi mapemphero aja. Sindinalimbane ndi aliyense. Nkhani yowatengera kwanga sindinaiyambitsenso, ndipo ndikukhulupirira kuti akanakana.

Achimwene anabwera pa Khirisimasi. Anafika ndi katundu wambiri, ndipo m'chikwama china munali mabotolo atatu atsopano. Amayi anawalandira ndi manja awiri, n'kuwaika pa kabati, n'kundiyang'ana pang'ono. Tsiku lotsatira achimwene anabwera kwanga kudzaona ana, ndipo ndinatulutsa jumbo ija n'kuwaonetsa. Anatenga botolo limodzi ndi limodzi, akuwerenga zolembedwapo. Ena anali osatsegula. Ndinawaonetsa awiri a mtundu umodzi aja, amene iwo ankatumiza ndi amene ine ndinkagula, n'kuwalozera pamene dzina lenileni linalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono.

"Ndiye ndizitumiza chiyani?" anatero. "Ine ndili kutali. Iwe umabwera tsiku lililonse, amakuona. Ine akaona botolo ndi pamene amadziwa kuti ndilipo."

Ndinati aziimba foni kawirikawiri, koma ndinaona kuti kwa iwo zimenezo sizinali zokwanira.

M'mawa mwake ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya amayi atanyamula chingwe, akuyeza kuyambira pakhomo kukafika pampopi, ndi kuchokera pampopi kukafika kubafa. Anapita ku Ndirande n'kubwera ndi munthu wowotcherera zitsulo. Masiku awiri anali pomwepo. Anazika mapaipi pansi n'kulumikiza chitsulo chachitali chogwirira, chofika m'chiuno. Simenti ya pampopi, imene inali yosalala ndi yandere, anaigumula n'kuthira ina yokhakhala. Achimwene ankasakaniza okha simentiyo atavula malaya, ndipo amayi anakhala pampando pakhomo akuwalangiza. Anadandaula kuti chitsulocho chikupangitsa nyumba yawo kuoneka ngati chipatala, komanso anaitana oyandikana nawo kuti adzaone.

Achimwene asananyamuke anatenga okha mabotolo atatu aja pa kabati n'kundipatsa. Anauza amayi kuti anagula olakwika, adzatumiza ena. Sanatumizenso. Masiku ano amatumiza nsapato zosaterera, majuzi a nyengo yozizira, ndi masamba a tiyi amene amayi amati sakoma ngati a kuno. Jumbo ija ndinapita nayo kuchipatala tsiku lina lokayezetsa, namwino n'kuilandira kuti akaitaye moyenera. Dokotala uja sitinamupezenso, anati anasamutsidwira kwina.

Amayi akukhalabe okha ku Zingwangwa. Chaka chatha anapunthwa pamwala pochokera kumsika n'kusupuka chigongono, koma chizungulire panalibe. Ndimapitako masiku atatu pa sabata tsopano, osati tsiku lililonse. Ndikafunsa ngati achita za pampando amati achita, ndipo sindifufuza. Chitsulo cha achimwene amachigwira kukagwa mvula. Masiku a dzuwa amayanikapo zitenje.