Chambo Chimene Mwana Wanga Anakana

Mwana wanga wamkazi ali sitandade faifi, aphunzitsi anamutengera limodzi ndi anzake ku Chembe pa lole kukaona nyama. Anaona anyani, ng'azi ndi nsomba zosungidwa m'magalasi, ndipo anabwerako pakamwa posatseka. Ine wokulira m'mamba a nsomba ndinayamba kuphunzitsidwa za nsomba ndi munthu amene ndinkamupukuta mamina dzulodzuloli.

"Amama, mukudziwa kuti chambo chimalerera ana ake m'kamwa?"

Ndinati ndamva, apite akatsuke mbale.

Mvula itayamba, malungo anamugwira koopsa. Bambo ake anali ku Joni, foni yawo yosagwira. Kuchipatala anatipatsa mankhwala, anesi n'kundichenjeza kuti asamwe m'mimba mulibe kanthu, makamaka adye chamafuta. Chamafuta ndikachitenga kuti? Nyanja inali yotseka chifukwa nsomba zinali kuswana. Ndinapita kukagwada kwa achimwene anga, amene ndi asodzi. Analowa m'madzi mobisa, akudziwa kuti akagwidwa ukonde wapita, n'kundibweretsera chambo chimodzi chikadapuma.

Nditachiponya m'beseni la madzi kuti ndichipale, chinalavula tiana tambirimbiri, tating'ono ngati mpunga. Wodwala uja ali pamphasa anaona zonse.

Ndinaphika, ndinamuikira patsogolo. Pakamwa anatseka kuti ndii.

"Sindidya mayi wa eni ake."

Ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira kumpanda. Ndinatukwana aphunzitsi, lole ndi magalasi awowo. Kenako ndinayamba kunyengerera, kumulonjeza diresi la pa Idi, chikhalirecho ndilibe ndi sopo yemwe. Thupi lake linali moto, milomo itauma gwa, mankhwala ali m'manja mwanga. Mantha amene ndinali nawo tsikulo sindinawaonepo.

Nzeru zitandithera, ndinamubereka kumsana, msinkhu wonsewo, beseni pamutu, dzuwa lili paliwombo. Pagombe ndinamukhazika pamchenga n'kukhuthulira tianato m'bango.

"Waona? Tiana tapita kwawo. Tiye ukadye."

"Aphunzitsi anati popanda mayi sitichedwa kudyedwa," anatero motsitsa mawu.

Ndinakhala pansi n'kulira mokweza ngati pamaliro, osasamala amayi amene ankachapa chapafupi.

"Wallahi, mwanawe, ndilibe china. Ndilibe! Ukufuna ndikakuike m'manda chifukwa cha nsomba?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakuti anali asanandionepo ndikulira. Kenako anakwera yekha kumsana kwanga.

Kunyumba anadya atatsinzina, misozi ikutsikira m'masaya, ine ndikumuchotsera minga. Atameza mankhwala ndinamugoneka pamiyendo panga, dzanja langa lili pamimba pake, ndikupempha Allah kuti asasanze, chifukwa chambo china panalibe.