Mawu Amene Anatsala mu Kanema

Ndakhala khomo loyandikana ndi bambo ena ake zaka makumi atatu, muno mumzinda wa Łódź ku Poland. Ntchito yawo inali yowerenga mawu a m'mafilimu akunja m'Chipolishi, anthu onse a m'filimu ndi pakamwa pawo pokha. Masiku ano makina ndiwo amalankhula pa kanema ndi mawu awowo. Kampani imene ankaigwirira ntchito ikuti anasainira kalekale kuti mawuwo ndi ake, iwo akuti nthawi imeneyo makina otere kunalibe, choncho anakasuma kukhoti. Mawu awo enieni anasasa, ndipo amakonda kunena kuti, "Ine ndi wobwereka chabe, mwini mawu ndi kampani."

Akazi awo, mayi Bogumiła, anayamba kuiwala anthu chifukwa cha ukalamba. Tsiku lina ndinapeza bambowo akuwamwetsa supu.

"Chokani bambo inu," anatero mayiwo, akuloza kanema. "Amuna anga akulankhula."

Bambowo anaika supuni pansi n'kukweza kanemayo.

Ine ndinati, "Aneba, wakuba ndi wakuba. Mlandu uja musausiye."

"Ndikapambana, azimitsa mawuwo," anayankha. "Ndiye mayiwa azimva ndani?"

Mlanduwo anausiyadi. Tsiku la ukwati analonjeza akazi awo kuti dzuwa silidzalowa osamva mawu awo. Lero lonjezolo akuwasungira ndi akuba aja.