Tsiku Limene Chitenje Chinatsala pa Benchi

Ndinene zoona, ine madzi ndimawaopa. Kwathu amayi ankatikwapula tikangoyandikira mtsinje, ati likodzo, ati ng'ona. Ndiye nditamva kuti damu losambiramo lapamtetete la m'dera lathu kuno ku Bradford alitsegulanso, ndinasangalala, koma mwamantha.

Mbiri yake anandiuza ndi agogo ena achizungu amene ndimawasamalira kuntchito. Akuti ali mtsikana, anthu a m'mafakitale a nsalu ankakhamukira kumeneko dzuwa likangowala, atavala zosambira zoluka zomwe zikanyowa zinkalemera ngati bulangete. Kenako analitseka, munamera udzu, mpaka eni dera anadzalikonza okha. "Mwana wako upite naye," anatero. "Ine ndinaphunzirira momwemo."

Loweruka tinapitadi. Mwana wanga wamkazi wazaka zinayi anaimba njira yonse m'basi, koma titafika anandikakamira mwendo: popanda ine salowa. Ine n'kuti nditamanga chitenje pamwamba pa chosambira, ndipo m'madzimo ndinaona madikoni awiri akutchalitchi kwathu ali ndi ana awo. Ntchafu zanga pamaso pa madikoni? Ayi ndithu.

Ndinatulutsa chitenje china m'chikwama, n'kumubereka kumbuyo monga amachitira azimayi powoloka mtsinje. Nditangoponda masitepe otsikira m'madzi, wezulo inalira. Mtsikana wolondera osambira anabwera akuthamanga.

"Mukaterereka, mwanayo mumumasula bwanji?" anafunsa mwaulemu.

Zimenezo sindinaziganize n'komwe. Ndinamutsitsa mwanayo, misozi ili lengelenge m'maso mwake.

"Mummy, please!"

"Mayi a mwana, vulani chinsalucho!" anakuwa mayi wina wa m'kwaya mwathu, nesi, ali m'madzi mpaka m'khosi. "Mukuyesa ife tilibe ntchafu?"

Dikoni mmodzi anatembenuka n'kupenya kumpanda. "Ife sitikuona kanthu, mlongo, lowani!"

Ndinamasula. Ndinaponya chitenje pa benchi, mwana m'manja, n'kutsika mothamanga kuti madzi andibise msanga. Kuzizira kwake! Ndinakuwa mpaka ana onse anaseka. Koma mwana wanga anagona chafufumimba pa zikhatho zanga n'kuyamba kumenya madzi ndi timiyendo, phuvu phuvu, akundithira kumaso.

"Musandisiye, Mummy! Ayi, ndisiyeni pang'ono!"

Ndinachotsa dzanja limodzi lokha. Linalo ndikadali kuliphunzitsa.