Chilimwe chimene Amayi anandiletsa kuyang'ana pansi

Kuseri kwa nyumba yathu ku Girrawheen, kutsidya kwa nyanja kutali ndi Malawi, kunali chingwe chabuluu choyanikira zovala. Amalume ndiwo anachimanga, kuchokera pa mpanda kukafika pa mtengo wa ndimu, ndipo anachikoka mwakuti ukachikhudza chinkalira ngati gitala. Ndili ndi zaka khumi, chingwe chimenecho ndinkachiopa kuposa njoka, kuposa mayeso, kuposa ngakhale Amayi akandiitana ndi dzina langa lonse.

Kunkatentha, anthuni. Anzanga amati ndimakokomeza zinthu, koma ine ndinaona ndi maso angawa patapata wanga atamatirira pa tala, ndipo khwangwala wina anakomoka ali m'mwamba. Nthawi imeneyo ndi pomwe boma linasankha Amayi kuti akakhale pa juri, kagulu ka anthu wamba khumi ndi awiri amene amamvetsera mlandu kukhothi n'kunena ngati munthu walakwa kapena ayi. Amayi anga, amene ntchito yawo ndi kusambitsa nkhalamba kunyumba ya okalamba! Anangotiuza kuti ndi mlandu wakupha munthu, basi, n'kutseka pakamwa ngati chitseko cha firiji.

Amalume, alongo awo a Amayi, ankagwira ntchito kumgodi kumpoto, ndipo masiku awo opuma ankakhala kwathu. Atamva anapukusa mutu. "Kwathu mlandu umenewo ndi wa chingwe," anatero.

Eti palibe amene anaganiza zondiuza kuti kuno anasiya kalekale kunyonga anthu. Ine ndinkangodziwa kuti m'mawa uliwonse Amayi ankavala diresi ya kutchalitchi, kukwera basi, kenako sitima, kukasankha ngati munthu afe kapena akhale. Akabwera ndinkawayang'ana manja. Akandituma kukaanula zovala ndinkathamanga ngati ndikuthawa galu wachiwewe, mapegi ali mbwee pa udzu.

Ndifotokoze kaye za lamulo la m'nyumba mwathu. Wamkulu akamakulankhula, maso pansi. Ukamuyang'ana m'maso ndiye kuti ukufuna kulimbana naye, ndipo ine ndinali katswiri, ndinkadziwa kamng'alu kalikonse ka pa matailosi athu. Chaka chapitacho aphunzitsi anga anaitanitsa Amayi ku ofesi n'kudandaula kuti ndikamafunsidwa sindiwayang'ana, ngati ndikubisa kanthu. Amayi anawayankha mosanyengerera kuti mwanayu ndinamulera ine, umenewo ndi ulemu. Ndinatuluka mu ofesi muja ndikuyenda ngati ndapambana chisankho.

Ndiye tsiku lina Amalume, chifukwa chosowa chochita, anapita kukakhala kumbuyo m'khothi muja kukaonerera. Madzulo tili patebulo, feni ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo, anayamba.

"Chemwali, wozengedwa mlandu uja ndi kamnyamata ka kwathu ku Afirika komweko. Kakang'ono. Jaji akalankhula, iko maso pansi. Loya akafunsa, maso pansi. Mayi wina amene ndinakhala naye pafupi anandinong'oneza kuti, taonani, akulephera n'kutiyang'ana komwe, wapha ameneyu."

Amayi anaika supuni pansi pang'onopang'ono. Ndikulumbira, feni ija inasiya kupuma.

"Achimwene, mukufuna andimange? Musandiuze kanthu. Ndipo musapitekonso."

Anadzuka n'kupita kuseri kukaanula zovala zimene ndinali nditaanula kale. Ndinawasuzumira pa zenera. Anangoima atagwira chingwe chija ndi manja onse awiri, ndipo ine mumtima ndinati basi, akuyesa ngati n'cholimba.

Mawa lake Amayi anandifunsa ngati ndamaliza homuweki. Ndinayankha bwinobwino, maso pa matailosi anga. Ndinangomva zala zikundigwira chibwano, zikununkha sopo wa ku khothi.

"Ndiyang'ane."

Ndinaganiza kuti ndi msampha. Ndani sadziwa misampha ya azimayi a ku Malawi? Ndinatsinzina.

"Tsegula masowo. Ndiyang'ane kuno."

Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba munasanduka usilikali. Kupempha madzi, ndiyang'ane. Kupereka moni, ndiyang'ane. Ankandibwerezera ngati vesi loloweza: wapolisi akakuimitsa umuyang'ane, aphunzitsi akakufunsa uwayang'ane, ngakhale ukulira, ngakhale ukuopa. Maso anga ankatuluka misozi yokwana kudzaza mtsinje wa Swan. Amalume anadandaula kuti mukumuononga mwanayu, akadzapita kumudzi adzati ndi wamwano. Amayi anati, "Kumudzi adzangomunena. Kuno..."

Amayi anasiya kudya. Ankawonda ndikuona. Kutchalitchi azimayi a chigwirizano ankawazungulira ngati ntchentche pa bango la mango, kufuna kumva nkhani, koma Amayi ankangoti mundipempherere.

Tsiku lomaliza la mlandu anabwera dzuwa likadali lamphamvu, nsapato zili m'manja. Amalume anali atamva kale pa wailesi ya m'galimoto kuti mnyamata uja amupeza wolakwa. Ine ndinalimba mtima, ndinawayang'ana Amayi m'maso monga anandiphunzitsira, n'kufunsa funso limene linandisowetsa tulo chilimwe chonse: amunyonga liti?

Amalume anatsamwa ndi madzi. "Iwe mwana! Kuno sanyonga. Akakhala kundende."

Ndinavina, ndithu. Ndinathamangira kuseri n'kukalendewera pa chingwe chija ngati pusi mpaka chinaduka, ndipo palibe anandikalipira.

Panopa ndangomaliza sukulu, ndipo ndikudziwa zinthu zimene ndikanakonda ndisanadziwe. Ndikudziwa kuti kuno, pa mlandu wakupha, onse khumi ndi awiri amayenera kugwirizana. Ndiye kuti Amayi nawonso anavomera. Mwina umboni unali wokwanira ndipo mnyamatayo anaphadi. Mwina Amayi anayesa kuwafotokozera anzawo m'chipinda chokambirana cha juri kuti kuyang'ana pansi si kuulula mlandu, iwo n'kumva. Mwinanso sanamve, Amayi n'kutopa. Ndinawafunsa kamodzi chaka chatha. Anati lamulo silimalola kunena zimene zinakambidwa m'chipinda muja, mpaka kufa. Akunena zimenezo, maso awo anali pa matailosi.

Koma tsiku lija ine ndinalowa m'nyumba nditanyamula chingwe choduka, mtima uli mbee kuti Amayi anga sapha munthu. Ndinawapeza atakhala pampando, diresi ya kutchalitchi ili m'thupi, nsapato zili pamiyendo. Ndinaganiza kuti popeza mlandu watha, usilikali wathanso, ndiye ndinawapepesa za chingwe mwaulemu wonse, maso pansi. Anandigwira chibwano n'kuchikweza. Anachigwira molimba ngati wina akufuna kuwalanda mwana. Ndinadabwa kuti akuopanso chiyani, poti munthu uja samunyonga.